Dikirani Mankhwala a ku Ndola

Kwa Kapichila, Lundazi
9 Malichi 1987

Akulu anga a Jethro,

Monire kumeneko ku Ndola. Muli bwanji inu ndi makoswe anu oyera aja mumawabaya majakisoni? Kuno amama ali bwino kupatula bondo lija, alamu anu a Evelina ali gwa, Annie ndi Kenan akukula ngati pali amene akuwathira feteleza. Za chimanga musafunse, mvula yatinyenga chaka chino.

Poona njala ikusuzumira pakhomo, mwezi wathawu ndinatsikira ku Marambo ndi njinga kukagula nsomba zouma zoti ndizigulitsa pa msika wa Lundazi. Malonda ayenda, ndisaname, ngakhale anyamata a chipani anandiimika pa geti mpaka nditaonetsa khadi. Koma kashembe wa kuchigwa kuja, akulu, amaluma ngati unamulakwira kale. Wina anandiboola pakhosi, panatuluka chithupsa chouma chopanda mafinya, ndipo kuyambira pamenepo thupi likungotentha, mutu ukungowawa. Ku kiliniki anati ndi malungo. Ndamwa kolokwini mpaka kudzikanda thupi lonse, koma palibe chasintha.

Inu mumati ntchito yanu ndi kufufuza matenda. Fufuzani anga, tione ngati ng'ombe za malemu adada zimene tinagulitsa kuti muphunzire zinapita pabwino. Ndikuseka chabe, musakwiye. Ine kubusa kunandikwana, sukulu inkangondigonetsa tulo.

Mukapeza sopo ndi chubu cha njinga mutumize. Kuno m'masitolo mwangotsala mashelefu ndi wogulitsa.

Mng'ono wanu,
Amock


Ndola
21 Malichi 1987

Amock mng'ono wanga,

Kalata yako ndalandira, ndipo makoswe akupereka moni. Nawonso ali pa njala ngati iwe. Kuntchito kuno ndalama zofufuzira zinatha chaka chatha, moti chakudya chawo timasonkherana tokha, tikuyembekezera thandizo la kunja. Sopo ndinamupeza nditaima pa mzere theka la tsiku, ndatumiza pa positi pamodzi ndi chubu.

Koma za chithupsa zija sizinandisangalatse. Usamwenso kolokwini. Upite ku chipatala cha pa boma ukafunse a Haswell, amene amaona odwala kumeneko, tinali kalasi imodzi ku sekondale. Ukawauze mosabisa kuti unali ku Marambo ndipo kashembe anakuluma, akakuyeze magazi. Zimene akapeze undilembere tsiku lomwelo. Usachite zako zija zomati mawa, mawa. Ndimakudziwa iwe.

Moni kwa amama, kwa alamu ndi kwa ana.

Mkulu wako,
Jethro


Kwa Kapichila
6 Epulo 1987

Alamu a Jethro,

Monire alamu. Ndine Evelina NyaMtonga, mkazi wa mng'ono wanu. Mukhululuke kuti ndalemba ndine, eni ake akuti dzanja lalema. Sopo tinalandira, yewo.

Tinapita ku boma monga munanenera, amama anatiperekeza. A Haswell anayeza magazi, kenaka anandiitana kuti ndisuzumire ndekha pa makina awo, ndipo ndinaona tinthu tikuvinavina m'magazi a mwamuna wanga. Akuti ndi kaodzera. Akuti bambo a Annie agonekedwe msanga, awachotse madzi a kumsana kuti aone ngati matenda afika kumutu. Ngati sanafike, pali jakisoni wofatsa amene amachiza. Ngati afika, pali wina woopsa, ena amachira naye, ena amapita naye. Anatichonderera kuti tisachoke tsiku limenelo.

Koma amama atangomva za singano ya kumsana anakhala pansi pakhonde la chipatala n'kuyamba kulira, akuti a Danwell a kutsidya anafa ndi yomweyo. Anthu anayamba kutizungulira, tinangobwerera kumudzi. A Ezron, ang'ono awo a malemu adada, anasonkhanitsa banja n'kugamula kuti mwini mawu ndinu, chifukwa ndinu woyamba kubadwa, ndinunso wodziwa za mankhwala.

Alamu, mwambo wa kwanu mukuudziwa kuposa ine. Ine anandilowola ndi ng'ombe, sindine mwini munthu. Ndikawatenga ndekha, jakisoni n'kuwapweteka, adzati NyaMtonga wapha mwana wathu, adzandibweza kwathu chimanjamanja, ana n'kutsala. Ndiye ndikupempha mawu amodzi okha: tipite kapena tisapite? Chonde yankhani msanga, thupi lawo likutha tikuona.

Ine mlamu wanu,
Evelina


Ndola
18 Epulo 1987

Kwa amama, adada aang'ono a Ezron, alamu NyaMtonga, ndi iwe Amock,

Moni nonse. Kalata iyi iwerengedwe pamaso pa onse kuti pasakhale wonena kuti sanamve.

Matenda amenewa ndi omwe ndimagwirapo ntchito tsiku ndi tsiku, choncho ndimvereni. Tizilombo ta kaodzera ndi tochenjera kwambiri. Thupi likangotizindikira kuti litimenye, timasintha khungu, thupi n'kuyambanso kutifunafuna ngati alendo. Pambuyo pake timakabisala mu ubongo, kumene mankhwala ambiri salowa. Jakisoni amene amalowa kumeneko ndi wa poizoni, kuli ngati kutentha nkhokwe kuti uphe makoswe. Ndaona ndi maso anga anthu akufa naye, ndipo sindikufuna mng'ono wanga akhale mmodzi wa iwo.

Tsopano imvani nkhani yabwino. Kuno tikuyembekezera mankhwala atsopano. Awa sapha ndi poizoni. Amangotsekereza tizilombo kuti tisaswane, thupi n'kumalizitsa lokha. Bungwe lina la ku Ulaya lavomera kutipatsa ndalama za ntchito imeneyi. Mzungu wawo anali nafe sabata yatha, akuti zonse zitheka kumayambiriro kwa Meyi. Ndalama zikangofika tibwera ndi galimoto mpaka kwa Kapichila kudzamutenga Amock. Koma lamulo lawo ndi lakuti munthu amene walandirapo kale jakisoni wakale, wofatsa kaya woopsa, samulandira.

Choncho mawu anga ndi awa: dikirani. Ndi masabata ochepa chabe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Amama pukutani misozi, singano ya kumsana palibe. Alamu, muzimupatsa mazira ndi mkaka, azipuma, asagwire khasu. A Haswell ndi munthu wabwino, koma za mankhwala atsopanowa sanazimve, musawadabwe akamakukakamizani.

Amock, limba mtima. Ng'ombe zija uona ntchito yake.

Wanu,
Jethro


Kwa Kapichila
10 Meyi 1987

Akulu,

Monire. Meyi uja wafika, galimoto ndiye sitinaione. Mwina yaponchera pa Chipata, misewu yathu mukuidziwa.

Amama akusesa pabwalo m'mawa uliwonse kuti alendo a ku Ndola asapeze zinyalala, bondo aliiwala. Auza mpingo wonse kuti mwana wawo akupanga mankhwala ndi azungu. Tambala wamkulu uja amuika padera, akuti ndi wa madokotala, ife tizingomuyang'ana akulira.

Ine ndilipo, kungoti tulo tandikonda. Dzulo ndinagona nzimbe ili kukamwa, Kenan anachita kundilanda. Alamu anu akuti ndikumayankhula zosamveka, ine ndikuti nanga kale ndinkayankhula zomveka? Masiku ano safuna kuseka, nyimbo yawo ndi imodzi, tiyeni kwa a Haswell, tiyeni kwa a Haswell. Ndawauza kuti akulu anga chibadwire sanandinamizepo.

Zilembo zikukhota, mundikhululukire. Ndikudikira.

Amock


Kwa Kapichila
31 Meyi 1987

Alamu,

Moni ndikupereka chifukwa ndi mwambo, koma mtima wanga suli pa moni. Ndinakulemberani pakati pa mwezi, simunayankhe. Kodi ku Ndola mapepala nawonso asowa ngati sopo?

Mng'ono wanu sakudziwanso kuti lero ndi liti. Masana amangogona pamphasa, ntchentche zili pakamwa. Dzuwa likapendeka amadzuka n'kuyamba kuzungulira khola, kufuna ng'ombe za adada zimene zinagulitsidwa kalekale. Lamulungu lapitali anamukankha Annie mpaka kugwa, mwana amene sanamulozepo ndi chala chomwe. Atatsitsimuka analira, kundifunsa kuti wamugwetsa ndani.

A Haswell anapalasa njinga kuchokera ku boma kudzatifuna. Anati, "Amayi, tsiku lililonse limene mukuchedwa matenda akukwera kumutu." A Ezron anawalandira bwino, anawapatsa mpando ndi lichero la mtedza, n'kuwauza kuti, "Bambo, ife tili ndi dokotala wathu ku Ndola, watiuza kuti tidikire." A Haswell anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Ndinadzida tsiku limenelo, mpaka lero ndikudzida.

Munati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tadekha, alamu, ndipo zimene tikuona ndi maso a mng'ono wanu akutsekeka. Ngati ndalama za azungu zavuta, nenani, palibe amene adzakusekeni. Lembani mzere umodzi wokha kwa a Ezron kuti tipite, ine ndiwabereka pamsana ngati kukufunika kutero.

Evelina


Kwa Kapichila
24 Juni 1987

Alamu,

Uthenga wa maliro tinapereka ku wailesi. Ndikhulupirira munaumva, ngakhale kumanda sitinakuoneni. Ndikulemba kuti mumve kwa ine mmene zinayendera, chifukwa ena akuuzani zina.

Nditaona kuti yankho lanu silikubwera, ndinati mbewa ya manyazi inafera ku una. Tsiku lina amama ndi a Ezron atapita ku msonkhano wa chipani, ndinabwereka ngolo kwa alongo anga, ndinawagoneka bambo a Annie m'menemo, tinapita ku boma. Pepala lovomereza ndinasaina ndine. Madzi a kumsana anasonyeza kuti matenda adzaza kumutu. A Haswell anati nthawi ya jakisoni wofatsa inali Epulo, tsopano kwatsala woopsa uja basi. Sanandikalipire, koma bola akanandikalipira.

Majakisoni oyamba anawadzutsa, alamu. Anandizindikira, anamwa phala, anaseka anamwino kuti ali ndi manja a mlimi. Kenaka anandifunsa ngati galimoto ya ku Ndola yafika. Ndinawanamiza kuti ili panjira. Anati, "Mwaona, NyaMtonga? Ndinakuuzani." Patapita masiku ochepa thupi linayamba kugwedezeka, anakomoka, osadzukanso. A Haswell ndi anamwino anayesetsa, sindiwanenera choipa.

Tsopano pamudzi palibe wondiyankhula. Amama akuti, "Jethro anati dikirani, koma mkazi wosamva anaba mwana wanga n'kukamupereka ku poizoni." Chimene ndinkaopa chija chafika. Akufuna kundisudzula, ndibwerera kwathu, ana atsala.

Mwina ndinalakwadi. Ndikanapita mu Epulo osamvera munthu, bwenzi ali moyo. Ndikanapanda kupita mu Juni, bwenzi atafera m'manja mwa amayi awo, ana anga ali nane. Kulikonse kumene ndingayang'ane ndikupezako dzanja langa.

Evelina


Kwa Kapichila
28 Juni 1987

Mwana wathu Jethro,

Monire. Ndine bambo wako wamng'ono, Ezron. Takhala pa zovuta monga wamvera. Sitikukudandaula kuti sunabwere kumaliro, tikudziwa kuti ntchito ya boma sasiya pakati, ndiponso unali kalikiliki kuthamangitsa mankhwala a mbale wako.

Usadziimbe mlandu, mwana wanga. Ife mawu ako tinawasunga monga unatiuzira. Ngakhale wa ku chipatala atabwera tinamubweza mwaulemu. Cholakwa chinachitika ife kulibe, mwa mkazi amene sanaleredwe kumvera. Akanapirira pang'ono bwenzi tikunena zina.

Mwambo womusudzula udzakhala Loweruka loyamba la Ogasiti. Ukakhalepo, pakuti tsopano bambo wa anawo ndiwe. Amayi ako akuti ubweretse shuga ngati akupezeka.

Ine bambo wako,
Ezron


Ndola
8 Julayi 1987

Alamu NyaMtonga,

Sindikudziwa moni woti ndikupatseni. Uthenga ndinaumva pa wailesi ya aneba. Ndinafika mpaka pa siteshoni ya basi, chikwama m'manja, ndinabwerera. Ndinaopa nkhope yanu.

Makalata anu onse anafika, palibe imene inasochera. Kumayambiriro kwa Meyi, boma litasemphana ndi obwereketsa ndalama a kunja, bungwe lija linatilembera kuti layamba laimitsa thandizo. Ndinazidziwa Amock asanalembe kalata yake yomaliza ija. Ndinati sabata ya mawa zisintha. Sabata inayo ndinateronso. Ine amene ndinkamuletsa iye zomati mawa, mawa! Ndinkachita manyazi kuuza amama, amene akusesa pabwalo, kuti mwana wawo wophunzira alibe kanthu m'manja.

Pali china choipa kuposa apo. Mzungu uja ankakayika, ankati anthu a kwathu sangavomere mankhwala achilendo, ndiye ndalama zingopita pachabe. Ine ndinadzitama pamaso pa akuluakulu anga kuti, "Wodwala woyamba ndili naye kale, ndi mng'ono wanga wa bere limodzi, akudikira." Mzungu anandigwira chanza. Kuyambira pamenepo ndinkaopa kuti Amock akalandira jakisoni wakale, ine ndisanduka wabodza. Jakisoni wofatsa uja ndinkamudziwa kuti amachiza munthu akafulumira. M'kalata yanga ndinakuopsezani ndi woopsa yekha.

Ndiponso ndalama zija zinali zoyesera mankhwala, kuona ngati angagwire pa kaodzera wa ku Marambo. Ngati akanamuchiza Amock, palibe amene akudziwa, ngakhale ine. Zimenezi sindinakuuzeni.

Dzulo atiuza kuti ndalama zatuluka. Anzanga anagula zakumwa, akundiyamikira kuti nkhani ya mng'ono wanga ndiyo inafewetsa mitima ya azungu. Sakudziwa kuti anaikidwa kale m'manda. Ndinakadzitsekera m'chipinda cha makoswe mpaka onse atachoka.

Adada aang'ono andilembera kuti ndisadziimbe mlandu. Kalata yawo yandiwawa kuposa yanu. Simunaphe munthu, alamu. Ndine.

Jethro


Kwa Kapichila
19 Julayi 1987

Alamu,

Kalata yanu ndawerenga ndipo ndalira, koma misozi siindisungira ana. Zimene mwalembazo sizindithandiza zili m'thumba la diresi langa. Ndikazipereka kwa a Ezron adzati ndalemba ndekha, popeza ndine mkazi wodziwa kulemba, ndipo kuno umenewo ndi mlandu kale.

Munthu amene anati "dikirani" pamaso pa onse abwere adzanene zimenezi pamaso pa onse, ndi pakamwa pake, ataimirira. Basi imene munaithawa ija ikuyendabe.

Evelina


Kwathu kwa a Mtonga, Lundazi
12 Ogasiti 1987

Alamu a Jethro,

Monire. Munanyamuka Lamulungu m'mawa ine ndikumanga mitolo yanga, sitinatsanzikane, ndiye ndati ndilembe. Ndinafika bwino, alongo anga anadzanditenga ndi ngolo yomwe ija.

Munabwera, munaimirira pabwalo, munanena zonse osabisa kanthu: za manyazi, za mzungu, za jakisoni wofatsa. Ine ndinakumvani, ndipo Mulungu anakumvani. Sindinkayembekezera kuti mungathe. Pa zimenezo yewo chomene.

Koma inu munali kutsogolo ndi amuna, simunamve za kumbuyo kumene ndinakhala ndi azimayi. Mutangoyamba kulira, azakhali ena ananong'ona kuti, "Taonani mtima wa munthu wophunzira, akudzisenzetsa mlandu kuti apulumutse mlamu wake." Onse anavomereza, ena mpaka kupukuta misozi chifukwa cha ubwino wanu. Amama anati, "Jethro wanga sangalakwitse za mankhwala. Tinagulitsa ng'ombe." Ndinafuna kukuwa, alamu, koma ndinawamvetsa. Ataya mwana mmodzi, akakukhulupirirani ataya awiri. Kutaya ine n'kosavuta.

Mutapempha kuti ana anditsate, munamva nokha yankho la a Ezron: "Za mankhwala ndi zako, za mudzi ndi zathu." Sindikukuimbani mlandu pamenepo, munayesa. Kenan anathamangira ngolo mpaka pa dambo, anachita kumugwira ndi Annie. Zimenezo simunaone, ndipo ndafuna muzidziwe.

Ndamva kuti mwezi wa mawa mubwera ndi galimoto kudzafuna odwala a ku Marambo. Musade nkhawa, abwera ambiri, dzina lanu lakwera kuposa kale. Chokhacho, muziwauza kuti mukuyesa, musamawauze kuti mukuchiza. Ndipo amene angachire ndi jakisoni wa a Haswell musamusunge. Tambala wa madokotala uja akadalipo, amama akukusungiranibe.

Mwa mwambo bambo wa ana anga tsopano ndinu, mawu ndi anu. Kenan akadwala amalira, mudzamva. Koma Annie anatengera bambo ake, thupi likamatentha amangoseka n'kumati ali bwino. Ndiye lembani kwa a Ezron lero lomwe, osati mawa, kalata yoti iwerengedwe pamaso pa onse. Mulembe kuti mwana akadwala, aliyense amene ali pafupi amunyamule apite naye ku chipatala. Asadikire mawu a ku Ndola.

Ine mlamu wanu,
Evelina NyaMtonga